Kodi chisanu chingang'ambe injini ya boti, nanga kuno kwathu tiziopa chiyani mu Juni ndi Julaye?

Wa ku Chelstone analemba kuti:

Moni kwa nonse, akuluakulu ndi amayi. Ndikupempha nzeru kwa amene amadziwa bwino injini za maboti, makamaka amene anagwirapo injini zochokera kumayiko kumene nyanja zimaundana. Ine ndi mlamu wanga tikufuna kugula boti logwiritsidwapo kale ntchito loti tizinyamulira anthu okawedza ndi okaona mtsinje wa Kafue kumapeto kwa sabata, ndipo nthawi ya tchuthi tizilikokera ku Siavonga, pa nyanja ya Kariba. Boti limene latikopa lili m'chigawo cha Ontario ku Canada. Injini yake ndi ya petulo, ya masilinda 6, malita 4.3, yokhala mkati mwa boti chakumbuyo, ndipo mwendo wonyamula pulopela ndi umene umatulukira kunja. Mtengo wake ndi wotsika ndithu, moti ngakhale titaphatikiza ndalama ya sitima yapamadzi, ya lole yochokera ku doko la Walvis Bay ku Namibia ndi ya msonkho wa ku ZRA, bungwe lotolera misonkho muno mu Zambia, tikuona kuti tidzalipira zochepa poyerekeza ndi maboti a msinkhu womwewo amene tawaona akugulitsidwa muno mu Lusaka.

Chimene chikundisowetsa mtendere ndi chakuti wogulitsayo wanena poyera kuti botilo lakhala panja, pa ngolo yake, nyengo ziwiri zachisanu osalowa m'madzi, ndipo iye sakudziwa ngati mwini wake woyamba anakhetsa madzi a mu injini asanaliimike. Pa chimodzi mwa zithunzi zimene watumiza ndikuona mzere wa dzimbiri umene wayenderera m'mbali mwa injini, m'munsi pang'ono mwa chitsulo cha ekizozi. Mlamu wanga akuti ndi dzimbiri wamba lobwera ndi mvula, ndipo akufuna kuti titumize theka la ndalama boti lisanatengedwe ndi ena, koma ine mtima wanga sukuvomera.

Chonde ndithandizeni kumvetsa mmene kuzizira kungaswere chitsulo chochindikala ngati cha injini, komanso zimene tiyenera kupempha kuti ziyezedwe tisanalipire. Ndikufunanso kudziwa ngati kuzizira kwathu kwa mu Juni ndi Julaye kungaliwononge botili likadzafika, popeza lizidzagona panja pa ngolo, nthawi zina kunyumba kwanga, nthawi zina ku famu ya mlamu wanga kufupi ndi madambo a Kafue. Zikomo kwambiri.

Makaniko wa ku Kafue anayankha kuti:

Achimwene a ku Chelstone, mwachita bwino kufunsa ndalama isanatuluke m'thumba, ndipo ndikukupemphani kuti muwauze alamu anuwo adekhe kaye.

Chisanu pachokha sichiswa chitsulo. Chimene chimaswa ndi madzi amene atsalira mkati mwa injini. Madzi akaundana amafufuma ndi magawo pafupifupi 9 pa 100 alionse, ndipo akakhala m'malo otsekeka amakankha makoma a malowo ndi mphamvu imene chitsulo cha cast iron sichingapirire, chifukwa chitsulo chimenechi ndi cholimba koma sichitanuka, chimangothyoka. Ambiri a ife tinaonapo botolo lagalasi lodzaza madzi limene laiwalidwa usiku wonse m'chipinda choundanitsa cha firiji, n'kulipeza m'mawa litang'ambika kuyambira pakhosi mpaka pansi. Zimene zimachitikira buloko ya injini, chitsulo chachikulu chimene muli masilinda, ndi zomwezo.

Mwina mungafunse chifukwa chake magalimoto a ku Canada komweko sasweka chonchi. Pa galimoto madzi amangozungulira pakati pa radiyeta ndi injini, ndipo amakhala osakanizidwa ndi antifreeze, mankhwala oletsa madzi kuundana. Akasakaniza theka ndi theka, madziwo saundana mpaka kuzizira kutafika madigiri pafupifupi 37 pansi pa ziro. Maboti ambiri ang'onoang'ono a m'nyanja zopanda mchere alibe radiyeta. Pampu imakoka madzi a m'nyanja momwemo kudzera m'mwendo wa pulopela, madziwo amadutsa m'njira za mkati mwa buloko ndi mahedi, amalowa m'ma manifold a ekizozi (zitsulo zosonkhanitsa utsi wochokera m'masilinda), kenako amalavulidwa kunja pamodzi ndi utsi. Injini ikazimitsidwa, madzi okwana malita angapo amatsalira m'munsi mwa buloko ndi m'ma manifold, ndipo sachoka okha. Pamafunika munthu kumasula zotsekera zotulutsira madzi, zimene zimakhala mbali zonse ziwiri za buloko ndi pansi pa manifold iliyonse, komanso kuzula mapaipi amene amasunga madzi m'makona awo. Ngakhale zotsekerazo zitamasulidwa, kabowo kake nthawi zambiri kamakhala kotsekeka ndi mchenga ndi zinyenyeswa za dzimbiri, moti pamangodontha timadzi pang'ono munthu n'kuganiza kuti ntchito yatha, pamene madzi enieni akadali mkati. Makaniko wodziwa amapisa kawaya m'bowomo mpaka madzi atathovoka.

Mzere wa dzimbiri umene mwauona pa chithunziwo uli pamalo enieni pamene injini za mtundu umenewu zimang'ambikira, ndiko kunena kuti m'mbali mwa buloko, m'munsi mwa hedi, mng'alu wake wogona mopingasa. Sindingagamule ndi chithunzi chimene sindinachione, pakuti gasiketi ya manifold yodontha imasiyanso mzere wofanana ndi umenewo, koma injini yoti yagona panja nyengo ziwiri ku Ontario popanda umboni woti inakhetsedwa madzi ndiyenera kuitenga ngati yong'ambika mpaka wina atasonyeza kuti ndi yabwino. Pemphani zithunzi zapafupi, zojambulidwa ndi tochi, za mbali zonse ziwiri. Muyang'ane ngati pali malo amene apakidwa penti yatsopano kapena omatidwa ndi guluu wa zitsulo. Muyang'anenso tizitsulo tozungulira, tooneka ngati zivindikiro zing'onozing'ono, timene timakhomedwa m'mbali mwa buloko. Anthu ambiri amakhulupirira kuti tizitsulo timeneti tinaikidwa kuti tizituluka madzi akaundana n'kupulumutsa injini, koma zoona zake n'zakuti timangotseka mabowo amene anachotsera mchenga pamene buloko inkaumbidwa kufakitale. Kamodzi kakatuluka kapena kusuntha, dziwani kuti madzi anaundana mkatimo, ndipo kutuluka kwakeko sikutanthauza kuti buloko inapulumuka.

Mng'alu wakunja ndi wabwinoko chifukwa umaoneka. Woopsa kwambiri ndi wamkati, umene umatsegula njira pakati pa madzi ndi oyilo, kapena mng'alu wa mu manifold umene umalowetsa madzi m'silinda kudzera ku mavavu a ekizozi. Madzi akalowa mu oyilo, oyiloyo amasanduka wotuwa ndi wolemera, ndipo pa kachitsulo koyezera amaoneka kuti wachuluka m'malo mochepa. Mabering'i sachedwa kudyeka ndi oyilo wotere. Madzi akadzaza m'silinda, pisitoni imalephera kuwapanikiza, ndipo munthu akaumirira kuliza injini amapinda konrodi, ndodo yonyamula pisitoniyo. Buloko ya injini ya malita 4.3 imeneyi inachokera ku injini za magalimoto a General Motors, ndipo makampani a MerCruiser ndi Volvo Penta onse anaigwiritsa ntchito kwa zaka zambiri, choncho buloko ina imapezeka mosavuta ku America. Kuno si choncho. Mudzayenera kuitanitsanso kunja, kulipiranso msonkho, ndipo kutchipa kumene kwakukopaniku kudzathera pomwepo. Kuwotcherera cast iron pamalo amene pamatentha ndi kuzizira tsiku lililonse ndi ntchito imene ine sindiilonjeza kwa kasitomala aliyense.

Za funso lanu lomaliza, mtima ukhale m'malo. Mu Lusaka usiku wa Juni ndi Julaye kuzizira kumakhala cha m'ma digiri 10, masiku ena kutsikirapo, koma kuti buloko ing'ambike pamafunika kuti mpweya ukhale pansi pa ziro kwa maola ambiri motsatizana, kufikira chitsulo chonse ndi madzi ake zitataya kutentha. Injini zong'ambika ndi chisanu zimene ndaziona pa ntchito yanga zinabwera zili zong'ambika kale m'kontena.

Mayi wa ku Winnipeg ku Canada, wochokera ku Kabwata mu Lusaka, anayankha kuti:

Bambo a ku Chelstone, zimene afotokoza a makanikowa ndi zoona, ndipo ndingowonjezera mmene zinthu zimachitikira kunoko, popeza banja lathu lili ndi boti laling'ono ndipo ntchito yolikonzekeretsa chisanu timaichita chaka chilichonse.

Kuno ku Manitoba mu Januwale kuzizira kumafika madigiri 30 pansi pa ziro, ndipo nyanja ya Winnipeg imaundana mochindikala kwambiri moti anthu amayendetsapo magalimoto popita kukawedza m'mabowo amene aboola pa madzi oumawo. Ku Ontario madera akum'mwera ndi ofundirapo, koma palibe dera la chigawo chimenecho kumene injini yodzaza madzi ingagone panja kuyambira Disembala mpaka Malichi osaundana. Anthu ambiri amavuula maboti awo pofika tchuthi cha Thanksgiving, chimene kuno chimakhala Lolemba lachiwiri la Okutobala, ndipo amawabwezera m'madzi cha pa tchuthi cha Victoria Day, mu Meyi. Pakati pa miyezi imeneyi boti limakhala litakhetsedwa madzi, litasinthidwa oyilo wa injini ndi wa giyabokosi ya kumwendo, masilinda atapoperedwa oyilo woteteza dzimbiri, petulo atathiridwa mankhwala oti asawonongeke, ndipo batire litachotsedwa n'kusungidwa m'nyumba. Amene amapereka ntchitoyi kwa amisiri a kudoko amapatsidwa lisiti, ndipo munthu wogulitsa boti losamalidwa amasonyeza malisiti amenewa asanafunsidwe n'komwe, chifukwa amakweza mtengo. Wogulitsa wanuyo akanakhala nawo akanawatumiza kale.

Pali chinthu chimodzi chimene chimapweteketsa ngakhale anthu osamala, ndipo ndi bwino muchidziwe kuti musakhutire msanga mukauzidwa kuti injini inathiridwa antifreeze. M'masitolo muno amagulitsa antifreeze wa pinki wopangidwa ndi propylene glycol, amene alibe poizoni woopsa ngati wa m'galimoto. Anthu ena, pofuna kufulumira, amangoliza injini ndi kuimwetsa antifreeze ameneyu kudzera kumene imakokera madzi, akaona wa pinki akutuluka ku ekizozi n'kuzimitsa. Vuto ndi lakuti injini ikakhala isanatenthe, thermostat, kachitseko kamene kamatsegulira madzi njira injini ikatentha, imakhala yotseka, ndipo antifreeze amangolambalala buloko n'kutulukira ku ekizozi, pamene mkati mwa buloko mwatsala madzi enieni a m'nyanja kapena osakanikirana pang'ono chabe. Munthu amapita kunyumba ali wokhutira, ndipo amadzadziwa zoona mu Meyi. Ndi chifukwa chake amisiri abwino amayamba akhetsa madzi onse, kenako n'kuthira antifreeze mwachindunji kudzera m'mapaipi.

Musaganizenso kuti boti lochokera kudera lofunda la America ndiye lotetezeka. Makampani a inshuwalansi ya maboti kumeneko amanena kuti madandaulo ambiri a injini zosweka ndi chisanu amachokera kumadera ofunda ngati Texas, chifukwa anthu a kumeneko sazolowera kukhetsa madzi, ndiye kuzizira kukabwera modzidzimutsa, monga kunachitikira mu Febuluwale 2021, kumapeza maboti ali odzaza madzi pabwalo.

Chisanu sichiwononga injini yokha. Ngati chotsekera cha pansi pa boti sichinachotsedwe, mvula ndi chipale chosungunuka zimadzaza m'mimba mwa boti, madziwo amalowa m'matabwa amene ali mkati mwa khoma lakumbuyo, amaundana ndi kusungunuka mobwerezabwereza, ndipo matabwawo amafumbwa. Khoma limenelo ndi limene limanyamula mwendo wa pulopela, ndipo kulikonza kumadya ndalama zofanana ndi za injini. Malabala opindikapindika amene amalumikiza mwendowo ndi boti amaumanso ndi kung'ambika akakhalitsa, ndipo labala wotere akang'ambika boti lili pamadzi, madzi amalowa mpaka boti kumira.

Langizo langa ndi lakuti mulembe ntchito munthu woyeza maboti wa m'dera limene botilo lili, wosankhidwa ndi inu osati ndi wogulitsa, ndipo mumulipire nokha kuti lipoti lake libwere kwa inu. Ndalama yake ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi ya kontena. Maboti a ku Ontario ali ndi ubwino wake weniweni, pakuti sanalawepo madzi amchere ndipo amayenda miyezi yochepa pa chaka, choncho musataye mtima ngati ili lingalephere. Alipo ena amene eni ake ali ndi mapepala onse.

Wa kapenta ku Siavonga anayankha kuti:

Akuluakulu, ine ndikuona kuti funso lenileni silinafunsidwe. Achimwene, n'chifukwa chiyani mukufuna injini yamkati? Pitani pa gombe lililonse la Kariba, ku Chirundu kapena ku Itezhi-Tezhi, muwerenge maboti onyamula alendo, mudzaona kuti ochuluka ndi a injini zopachika kumbuyo, za Yamaha, Mercury kapena Suzuki. Zipangizo zake zimapezeka, amakaniko athu amazidziwa, ndipo ikavuta mumaimasula n'kuikweza pa galimoto kupita nayo ku Lusaka. Ngakhale pa nkhani ya chisanu yomweyi, injini yopachika imadzikhetsa yokha madzi ikaimikidwa chilili. Imasunga madzi pokhapokha ikasiyidwa yopendekeka m'mwamba, kapena ngati chingwe cha mbedza chinakulungika kuseri kwa pulopela n'kudya labala wotchinga, madzi n'kulowa mu giyabokosi. Zimenezi zimadziwika pomasula kabauti kapansi pa giyabokosiyo: oyilo akatuluka wotuwa, kapena madzi akayamba kutuluka oyilo asanabwere, ndiye kuti labalayo watha.

Kuno ku Siavonga tili pansi, mamita pafupifupi 500 okha pamwamba pa mlingo wa nyanja yamchere, ndipo chisanu choundanitsa madzi sitichidziwa. Komabe miyezi yozizira ili ndi mavuto ake, ndipo ife amene timagwira ntchito usiku pa madzi timawadziwa bwino. Loyamba ndi batire. Batire lokalamba limene linkaliza injini bwinobwino mu Okutobala limagonja mu Julaye, chifukwa kuzizira kumachepetsa mphamvu yake pa nthawi yomwe oyilo walemera ndipo injini ikufuna mphamvu yochuluka. Boti limene limayenda kumapeto kwa sabata kokha liyenera kuchotsedwa waya wa batire, ndipo batirelo lizitchajidwa.

Lachiwiri ndi madzi m'mafuta. Masana kumatentha, usiku kumazizira, ndipo thanki imene ili theka imapuma mpweya wachinyezi umene umasanduka timadontho m'makoma ake. Madziwo amakhala pansi pa thanki, ndipo tsiku la mafunde, makamaka mphepo za Ogasiti zikayamba, amavundukuka n'kulowa mu injini muli pakati pa nyanja. Ikani fyuluta yolekanitsa madzi ndi mafuta, ya kambale koonekera, ndipo muzikhetsa kambaleko musananyamuke. Samalaninso ndi petulo wosakaniza ndi ethanol, amene amagulitsidwa kutsidya ku Zimbabwe kuyambira 2013 ndiponso ku Malawi kuyambira 1982. Ethanol amayamwa chinyezi, ndipo petulo wotere akakhalitsa m'thanki amagawikana, pansi n'kutsala madzi osakanikirana ndi ethanol amene amazimitsa injini ndi kudya malabala akale.

Pa injini zathu za dizilo za silinda imodzi, anyamata ena amayatsa chisanza n'kuchiika pakamwa pokokera mpweya kuti injini ilire m'bandakucha. Ine ndimaletsa zimenezi pa chombo changa, chifukwa pansi pamakhala ponyowa ndi dizilo ndipo moto wa pa madzi ulibe kothawira. Madzi otentha a m'ketulo othiridwa m'thanki yoziziritsira injini amachita ntchito yomweyo popanda ngozi.

Chomaliza ndi chizolowezi cha amakaniko ena chochotsa thermostat, amati dziko lathu ndi lotentha. Pa boti chimenechi ndi cholakwika chachikulu, chifukwa madzi ozizira a mumtsinje amangodutsa osaima, injini siifika pa kutentha kwake, petulo sapsa yense, mapulagi amada, ndipo chinyezi chimaunjikana mu oyilo. Ndaonapo injini yopanda mng'alu uliwonse ili ndi thovu lotuwa pansi pa chivindikiro cha oyilo chifukwa cha zimenezi.

Mlimi wa ku Choma anayankha kuti:

Ndikugwirizana ndi a makaniko a ku Kafue pa zambiri, koma pa mawu akuti mtima ukhale m'malo ndikufuna kuchenjeza pang'ono. Zambia si Lusaka yekha. Kuno ku Choma, ku Kalomo, mpaka ku Sesheke, chisanu chimagwa ndithu m'zaka zina, chimawaula tomato ndi nthochi usiku umodzi, ndipo m'mamawa timapeza kakhungu ka madzi oundana pamwamba pa zomwera ng'ombe. Chimagwa usiku wopanda mitambo ndi mphepo, ndipo chimakonda malo otsika a m'madambo chifukwa mpweya wozizira ndi wolemera, umatsetsereka n'kukaunjikana kumeneko. Famu ya alamu anu ili kufupi ndi madambo, choncho muwafunse ngati mbewu zawo zinawaukapo.

N'zoona kuti chisanu chathu chimabwera cha m'ma 4 koloko m'mawa n'kutha dzuwa likangotuluka, ndipo maola ochepa amenewo sakwanira kuumitsa madzi a mkati mwa buloko yaikulu yophimbidwa. Koma tizipangizo ting'onoting'ono, monga pampu ya pulasitiki yopopera madzi m'boti, timapaipi topyapyala ndi impeller (kapulopela ka labala ka m'pampu yokoka madzi a injini), timazizira msanga. Boti limene lili pa madzi limatetezedwa ndi kufunda kwa mtsinje, pamene la pa ngolo lazunguliridwa ndi mphepo mbali zonse. Kuliika pansi pa denga kapena kuliphimba ndi tenti, ndi kukhetsa madzi ngati likhala mwezi wathunthu osayenda, si ntchito yaikulu, ndipo kumachepetsanso dzimbiri. Mukatero mutseke mabowo ndi nsalu, chifukwa pa famu mavu omanga ndi dothi amakonda timabowo totere, ndipo makoswe amalowa m'chipinda cha injini nthawi yozizira n'kutafuna mawaya.

Wa ku Chelstone analembanso kuti:

Zikomo kwambiri nonse, mwatitsegula maso. Mlamu wanga wawerenga mayankho anu ndipo wavomera kuti tisatumize ndalama kaye. Wavomerezanso mawu a bambo a ku Choma kuti kumunsi kwa famu yake nyemba zinawaukapo ndi chisanu. Za injini yopachika tazimva, ndipo tiyerekeza mitengo. Chimene chinatikopa pa botili ndi malo okhala anthu, amene ndi otakasuka ndipo ali ndi mthunzi.

Wogulitsa uja tamufunsa za malisiti ndipo wati alibe, koma watumiza kanema wa mphindi ziwiri woonetsa injini ikulira bwino, italumikizidwa ku paipi ya madzi a pampopi, ndiponso chithunzi cha kachitsulo koyezera oyilo chosonyeza oyilo woyera bwino. Akuti umenewu ndi umboni wokwanira. A makaniko a ku Kafue, kodi tikhutire nazo? Ngati sizikwanira, ndi mayeso ati enieni amene tilembe m'kalata yopita kwa woyeza maboti amene mayi a ku Winnipeg atilangiza? Mlamu wanga akufunsanso ngati tingathe kudzathira antifreeze wa galimoto mu injiniyi ikadzafika kuno, kuti tisamavutike ndi kukhetsa madzi.

Makaniko wa ku Kafue anayankhanso kuti:

Achimwene, musakhutire nazo. Injini yong'ambika imatha kulira bwino kwambiri kwa mphindi ziwiri, chifukwa pa nthawi yochepa chonchi thermostat, imene pa injini zotere imatseguka pa madigiri a pakati pa 60 ndi 70, imakhala isanatseguke, ndipo mng'alu wambiri umayasama chitsulo chikatentha. Oyilo woyera pa injini imene akuti yagona zaka ziwiri akungosonyeza kuti wathiridwa posachedwa, ndipo funso loyenera kumufunsa wogulitsayo ndi lakuti oyilo wakaleyo ankaoneka bwanji.

M'kalata yanu mupemphe kuti woyezayo atseke mapaipi a madzi a buloko, apopere mkati mpweya mpaka geji isonyeze mphamvu ya 1 bar, ndipo aone ngati muvi wa geji ungaime malo amodzi kwa mphindi 15 kapena kuposerapo. Ukamatsika, mpweyawo ukutulukira pa mng'alu kapena pa gasiketi, ndipo amatha kuumva ukulira pa bowo lothirira oyilo. Ma manifold ayezedwe paokha. Amasule mapulagi onse 6 injini isanalizidwe, aone ngati ena ali ndi dzimbiri kapena madontho a madzi, ndipo ayeze mphamvu ya kupanikiza kwa silinda iliyonse n'kulemba manambala ake. Pambuyo pake boti lilowe m'madzi enieni, liyende kwa theka la ola kapena kuposa litanyamula anthu, ndipo oyilo ayang'anidwenso injini ikadali yotentha komanso itazizira. Wogulitsa akakana mayeso amenewa, lisiyeni botilo.

Woyezayo alembenso liwiro la injini pamene yatsegulidwa mafuta onse, limene pa injini zambiri za mtundu umenewu liyenera kukhala pakati pa maulendo 4,400 ndi 4,800 ozungulira pa mphindi. Nambala imeneyi idzakuthandizani kuno, chifukwa injini yopanda turbo imataya magawo pafupifupi 3 pa 100 a mphamvu yake pa mamita 300 alionse okwera. Nyanja ya Ontario ili pa mamita 75 okha, pamene mtsinje wa Kafue pano uli pafupi ndi mamita 1,000, choncho injini idzafooka ndi gawo limodzi mwa magawo 10, ndipo mwina mudzafunika pulopela yopepukirapo kuti boti lodzaza alendo lizinyamuka bwino. Impeller isinthidwe boti lisanalowe m'madzi athu, ndipo injini isalizidwe popanda madzi ngakhale kwa kanthawi kochepa, pakuti labala wake amapsa nthawi yomweyo.

Za antifreeze wa galimoto, auzeni alamu anu kuti pa injini yokoka madzi a mumtsinje sizingatheke, chifukwa adzatulukira ku ekizozi mukangoliza. Antifreeze ameneyu ndi ethylene glycol, poizoni wotsekemera amene amapha agalu ndi ziweto ndipo ndi woopsa kwa ana, ndipo mtsinje wa Kafue ndi umene umamwetsa Lusaka kudzera pa malo oyeretsera madzi a Iolanda. Antifreeze wa galimoto amagwira ntchito pa injini zokhazo zimene zili ndi njira yotsekeka ya madzi ndi choziziritsira chake, ndipo ngakhale pa zimenezo mbali yokoka madzi a mumtsinje imafunikabe kukhetsedwa. Woyezayo akuuzeni mtundu umene uli pa boti lanulo, ndipo ajambule malo a zotsekera zonse zotulutsira madzi kuti mudzazipeze mosavuta.